Kodi Mau Akuti "Nchito ya Amuna" Ali ndi Cipongwe?

Munthu wocoka ku Cipata kupita ku Mfuwe amadzera pa Jumbe, m'dziko la Akunda. Kuyambira kale, m'cigwa ca Luangwa uzimba unali wa amuna. M'caka ca 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu kupatula malo osungiramo nyama, ndipo mu 1972 boma linakhazikitsa South Luangwa National Park. Alenje anasanduka alonda a nyama ndi operekeza alendo, koma nchito inatsalabe m'manja mwa amuna.

Kumene amuna akhala okha-okha kumabadwa manenedwe ao. Mnyamata wotopa msanga amamuti "ukuyenda cacikazi." Mkazi wolimba mtima amamutama kuti "uyu ndi mwamuna." Nchito yokhala ndi mfuti amaiti "nchito ya amuna." Kodi mau otere ndi cipongwe, kapena ndi nthabwala cabe?

Ena amati mulibe kutukwana m'menemo, ndipo anthu ogona m'thengo pakati pa njobvu ndi njati ayenera kuseka kuti aiwale mantha. Zimenezi nzoona, pakuti nthabwala imamanga ubwenzi. Angoni ndi Awemba, amene makolo ao anamenyana nkhondo, lero amanyozana mwa cimbuya ngakhale pamaliro, popanda wokwiya.

Koma cimbuya cili ndi lamulo lace: wonyozedwa ali ndi ufulu wobwezera, cifukwa onse awiri ndi olingana. Mtsikana mmodzi pakati pa gulu la amuna alibe ufulu umenewo. Akaseka nao, wabvomera kuti ukazi ndi ulesi. Akadandaula, amuti ngwosadziwa ceza. Ngakhale kumutama kuti ndi mwamuna nkumlanda, pakuti kulimba mtima kwace kwapatsidwa kwa amuna, ndipo amai ace amene anamlera atsala opanda ulemu. Ici ncodabwitsa pakati pa Akunda, amene amawerenga mtundu ndi ufumu kutsata kucikazi.

Ndiponso mauwo asiya kunena zoona. Thandiwe Mweetwa, amene anakulira ku Mfuwe, anaphunzira za mikango, ndipo mu 2016 bungwe la National Geographic linamlemekeza cifukwa ca nchito yace. Akazi ena alowa ulonda wa nyama, nayenda m'thengo kucotsa misampha ya waya. Mkango sufunsa ngati woutsata ndi mwamuna kapena mkazi.

Tsono cipongwe ca mau sicili m'kamvekedwe kace ai, koma m'cimene acita. Mau amene aseketsa onse okhala pamoto ndi nthabwala. Mau amene auza mtsikana wotsiriza sukulu ku Jumbe kuti asayese nkomwe kufunsira nchito ndi mpanda, ngakhale wonenayo alibe mtima woipa. Munthu wanzeru asanalankhule ayambe wayang'ana nkhope ya amene sangathe kumuyankha.