Kodi Mwana Angadziphunzitse Yekha?

Pali funso limene livutitsa makolo ndi aphunzitsi omwe. Mwana wamng'ono akafuna kudziwa kanthu, kodi munthu wamkulu amuuze msanga, kapena ayambe wakhala chete kuti mwanayo ayese ndi manja ake kufikira atapeza yekha? Funsoli lioneka laling'ono, koma m'kati mwake muli nkhani ya ulemu, ya chikondi ndi ya udindo wa akulu pa ana awo. Ena amati mwana ali ngati mtsuko wopanda kanthu, ndipo ntchito ya mkulu ndiyo kuthiramo madzi. Ena amati mwana ali ngati mbewu yokhala nawo kale moyo, ndipo ntchito ya mkulu ndiyo kupalira ndi kuthirira.

Zooneka m'mzinda wa Blantyre

M'mawa uliwonse ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa amayi amaperekeza ana a zaka zitatu kapena zinayi ku sukulu za mkaka. Makolo ambiri amalipira ndalama zimene anazipeza movutikira, ena pogulitsa malonda mu msika wa ku Limbe, ena pa maganyu. Motero afuna kuona phindu lake msanga. Mwana akabwera kunyumba akutchula malembo ndi kuwerenga m'Chingerezi mpaka 20, bambo amakondwa. Akabwera ndi dothi m'manja ndi pa malaya, bambo amadandaula kuti ndalama zake zikupita pachabe, pakuti mwanayo angosewera.

Koma mwana yemwe uja wowerenga mpaka 20 akatumidwa kukatenga masipuni asanu, kawirikawiri amangobwera nawo odzaza dzanja. Mawu ali pakamwa, koma chiwerengero sichinalowe m'mutu. Tsono m'misewu yomweyo muli anyamata opanga galimoto za mawaya. Palibe anawapatsa phunziro. Amapima waya ndi diso, amaona kuti gudumu limodzi likakula galimoto ikhota, ndipo amaphwasula ndi kupanganso kufikira itayenda bwino. Atsikana osewera phada amadziwa kuchotsera ndi kuphatikiza miyala asanaonepo choko. Kumudzi nako ana anali kuphunzira kuphika, kumanga ndi kuweruza milandu pa masanje.

Maphunziro a ana aang'ono m'dziko muno anayamba ndi ganizo lomweli. M'zaka za m'ma 1960 munayamba kuoneka timagulu ta ana osafika msinkhu wa sukulu m'Blantyre, ndipo mu 1970 kunakhazikitsidwa bungwe la Association of Pre-school Playgroups in Malawi. Dzina lake lomwelo linena za magulu a masewera. Pambuyo pake kunabwera sukulu za mkombaphala zoyendetsedwa ndi anthu a m'midzi, ndipo mu 2003 boma linalemba ndondomeko yake yoyamba ya kaleredwe ndi kaphunzitsidwe ka ana aang'ono. Ntchito yonseyi idziwika ndi mwambi wa makolo wakuti mmera mpoyamba.

Zimene anapeza ofufuza

Mu 1907 dokotala wina wamkazi, Maria Montessori, anatsegula nyumba ya ana ku San Lorenzo, dera la anthu osauka mu mzinda wa Rome ku Italy. Makolo a anawo anali kuchoka m'mawa kupita ku ntchito, monga achitira makolo a ku Ndirande lero. Iye anaika mipando ndi matebulo a msinkhu wa ana, naika zipangizo pamalo pamene mwana angafikire yekha. Malembo anawadula pa pepala lokhakhala kuti mwana aziwatsata ndi chala. Mwana aliyense anali kusankha ntchito yake, mphunzitsi namuonetsa kagwiridwe kake mwachidule, kenaka n'kumusiya. Ana a zaka zinayi ndi zisanu anayamba kulemba, anthu nazizwa.

Patapita zaka pafupifupi 100, mu 2006, Angeline Lillard ndi Nicole Else-Quest anayesa njira imeneyi ku Milwaukee, m'dziko la America. Kumeneko ana anali kulowa sukulu ya Montessori mwa maere, kotero kunali kotheka kufanizira ana amene maere anawagwera ndi amene sanawagwere. Ana a zaka zisanu a ku sukuluyo anapambana anzawo pa kuzindikira malembo ndi pa masamu, ndiponso pofunsidwa za mikangano ya ana anali kutchula chilungamo kawirikawiri. Ana oyesedwawo anali ongopitirira pang'ono 100, motero sibwino kumanga nkhokwe yaikulu pa mtengo umodzi umenewu.

Kuyesa kwina kunasindikizidwa mu 2011 ndi Elizabeth Bonawitz, Laura Schulz ndi anzawo. Iwo anapanga choseweretsa cha timapaipi chokhala ndi zinthu zinayi zobisika: china cholira, china chowala, china choimba, ndi kalilole. Kwa ana ena munthu wamkulu anabwera monga mphunzitsi, nawaonetsa kuti paipi iyi akaikoka ilira. Kwa ana ena anachita ngati wailiza mwangozi, ndipo kwa ena sanaonetse kanthu. Ana ophunzitsidwa aja analiza paipiyo mobwerezabwereza, nasiya choseweretsacho msanga. Ana enawo anachisewera nthawi yaitali, napeza zobisika zambiri. Ana oyambawo sanali opusa. Iwo anakhulupirira mkulu, naganiza kuti kukanakhala zina akanawauza. Apa ndipo pali chinthu choopsa: mawu a mkulu ali ndi mphamvu yotsegula khomo limodzi ndi kutseka ena atatu, iye mwini osadziwa.

Mbali inayo ya mlandu

Munthu woweruza bwino samva mbali imodzi yokha. M'chaka chomwecho cha 2011 Louis Alfieri ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wa anthu ena wokwana 164. Anapeza kuti ophunzira ongosiyidwa okhaokha, popanda wowathandiza, amapindula pang'ono kuyerekeza ndi amene anachita kuuzidwa. Koma opindula koposa onse anali amene anayesa okha pali mkulu pafupi, wowafunsa mafunso ndi kuwaonetsa pamene aphonya.

M'Malawi momwe muno nkhaniyi inayesedwa. Ofufuza ogwirizana ndi World Bank anatenga sukulu za mkombaphala 199 m'maboma a Balaka, Thyolo, Dedza ndi Nkhata Bay, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2018. Sukulu zonsezo zinalandira zoseweretsa ndi zipangizo zophunzirira. Kwina alezi anaphunzitsidwa ntchito yawo, ndipo kwina anaphunzitsa alezi pamodzi ndi makolo omwe. Itatha miyezi 18, ana a kumene makolo anaphunzitsidwa anapambana anzawo pa kulankhula ndi pa kukhala bwino ndi anthu. Koma itatha miyezi 36 kusiyana kuja sikunaonekenso. Phunziro lake n'lowawa koma n'lofunika. Zoseweretsa pazokha sizilera mwana, ndipo mmera ungayambe bwino chotani, ukasiyidwa osapalira ufanana ndi unzake.

Nzeru ya makolo

Ena amaopa kuti mwana wololedwa kusankha yekha adzakula wamwano, wosamva za akulu. Mantha amenewa ngomveka, pakuti mtundu wopanda ulemu sukhalitsa. Koma makolo akale anali nalo yankho pamene anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imfotere yekha. Mwambi uwu uli ndi mbali ziwiri. Mkulu alola kuti mwana aone yekha kuti nsatsi ifota, chifukwa chimene munthu wachiona ndi maso ake sachiiwala. Koma wosema nyangayo ndi mkulu yemweyo, ndipo chimene apereka ndi nsatsi, si mpeni wakuthwa ayi. Iye ndiye asankha kulephera kumene sikungapweteke mwana.

Motero zilipo zinthu zimene mwana ayenera kuuzidwa nthawi yomweyo. Moto, chitsime, mtsinje wa Mudi nthawi ya dzinja ndi magalimoto a mu msewu wa Chipembere sizoyesera. Zilipo zina zimene sangazipeze yekha ngakhale atayesa chaka chathunthu, monga dzina la lembo, moni woyenera agogo, kapena mbiri ya mtundu wake, pakuti izi ndi zimene anthu anapangana, ndipo zimachokera pakamwa kupita m'khutu. Koma kuti zisanu ziposa zitatu, kuti madzi a m'kapu yaitali angakwane m'mbale yotambalala, kuti nyumba ya dothi yopanda maziko igwa, izi dzanja liphunzitsa bwino koposa pakamwa. Nzeru ya kholo ndi ya mphunzitsi ndiyo kusiyanitsa mitundu itatu imeneyi.

Chovuta chili mwa mkulu

Nanga n'chifukwa ninji akulu ambiri amalanda ntchito m'manja mwa mwana? Nthawi zambiri chifukwa chake ndi changu. Mayi wofulumira kupita ku msika aona kuti n'kwapafupi kumanga yekha mabatani a malaya a mwana koposa kudikira. Nthawi zina chifukwa chake ndi kunyada, pakuti kuyankha msanga kuonetsa kuti mkulu ndi wodziwa. Mwa njira zonse ziwiri wopindula ndi mkulu, ndipo mwana aphunzira phunziro loipa, lakuti nzeru zikhala mwa ena, iye ntchito yake ndi kudikira. Mwana wotere akakula adzadikira bwana, adzadikira boma, adzadikira mlendo, ngakhale pa zinthu zimene angathe kuzichita yekha.

Kukhala chete pamene mwana akuvutika ndi kanthu si ulesi. Ndi ntchito yolemetsa yofuna kudziletsa, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndiponso ndi ulemu, pakuti wochita zimenezi avomereza kuti mwanayo ndi munthu woganiza.

Ena adzati njira imeneyi ndi ya anthu olemera. N'zoona kuti zipangizo za m'sitolo n'zodula, ndiponso chiyambire 1994, pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, makalasi ambiri ndi odzaza kotero kuti mphunzitsi sangathe kuyang'ana mwana aliyense payekha. Koma chimenechi chikulitsa udindo wa pakhomo. Zitsononkho, nthanga, dongo, mchenga ndi zitsekerero za mabotolo sizigulidwa. Mayi wosankha nyemba angapatse mwana lichero laling'ono, namupempha kuti apatule zofiira ndi zoyera, kenaka n'kumufunsa kuti zambiri ndi ziti. Mwana akaphonya, mawu oyenera ndi akuti, "Tayesanso, mwanawe," kapena, "Waona chiyani?" Chodula pa zonsezi ndi nthawi yokha.

Munthu amene waphunzira kulemba atakula ndiye mboni yabwino pa mlandu uwu. Iye adziwa kuti ngakhale mphunzitsi analemba lembo pa bolodi kakhumi, dzanja lake silinadziwe kanthu kufikira tsiku limene anagwira pensulo yekha, nalemba mokhotakhota, nafufuta, nalembanso. Adziwanso kuti akanasekedwa tsiku limenelo sakanabwerera. Mwana wake asowa zinthu ziwiri zomwezo: mpata woyesa, ndi munthu wosaseka wokhala pambali.

Tsono yankho la funso lija ndi ili. Mwana sangadziphunzitse yekha zonse, ndipo mkulu sangamuphunzirire mwana kanthu kalikonse. Mkulu akonze malo, achotse zoopsa, anene zoyenera kunenedwa, kenaka abweze dzanja lake ndi kupenya. Kholo lochita motero lidzataya mphindi zingapo lero, koma lidzalera munthu wotha kuyamba ntchito popanda womukankha.