Mkate Umene Unabalalitsa Khamu ku Kapernao

Ulaliki wa pa Chikondwerero cha Thupi ndi Magazi a Ambuye, kwa akhristu a ku Kansenshi, Ndola
Mawerengo: Deuteronomo 8:2-3, 14-16, 1 Akorinto 10:16-17, Yohane 6:51-58



Tsiku limene Ambuye Yesu anaphunzitsa m'sunagoge wa ku Kapernao, anthu anabwera mwaunyinji koma madzulo anatsala owerengeka. Dzulo lake anali atadyetsa amuna 5,000 ndi mikate isanu ndi nsomba ziwiri, ndipo khamu linawoloka nyanja kumulondola, poganiza kuti lapeza mfumu yothetsa njala. Iye anawauza kuti chakudya chimene adzawapatse ndi thupi lake, chakumwa ndi magazi ake, ndipo wosadya ndi kumwa zimenezi alibe moyo. Anthu anayamba kung'ung'udza. Ngakhale ena mwa ophunzira ake anati mawuwo ndi olimba, natembenuka kubwerera kwawo.

Taonani chimene Ambuye sanachite. Sanawathamangire kukawauza kuti amuphonya, ankangophiphiritsa. Nthawi zina ankachita zimenezo: atanena za chofufumitsa cha Afarisi, ophunzira naganiza za mkate, anawamasulira. Atanena kuti Lazaro wagona, iwo naganiza za tulo, anawauza mosabisa kuti wamwalira. Koma ku Kapernao anabwereza mawu omwewo mwamphamvu kuposa poyamba, nawalola kupita, kenaka nafunsa khumi ndi awiri aja ngati nawonso akufuna kuchoka. Petro anatsala, osati chifukwa anamvetsa, koma chifukwa anamudziwa amene ankalankhulayo.

Choncho musadabwe mukamafunsidwa za Ukaristia mu msika wa Masala, m'minibasi yochokera ku Chifubu kapena pamaliro. Mafunsowa anayambira pamaso pa Mwini wake. Ndipo amene amatifunsa kuno ku Kopala si adani ayi. Ambiri a ife tinachokera ku Chipata, ku Katete, ku Lundazi, ena makolo awo anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'migodi, ndipo m'banja limodzi mumapezeka wa mpingo wa RCZ, wa UCZ, wa Sabata, wa Pentekoste ndi wa Mboni za Yehova. Wofunsayo kawirikawiri ndi mlamu wako kapena amalume ako. Ayenera kuyankhidwa mwaulemu, komanso moona.

Funso loyamba nlakuti: kodi mkatewu si chizindikiro chabe, chokumbukira imfa ya Ambuye? Mkangano umenewu unagawa ngakhale amene anachoka mu Mpingo wa Katolika. Mu 1529 Martin Luther ndi Ulrich Zwingli anakumana ku Marburg kuti agwirizane. Zwingli anati mkate umangoimira thupi, Luther anakanitsitsa kuti Khristu alimo ndithu, ndipo anasiyana osamvana pa mfundo imeneyi. Ife tikafuna kudziwa chimene Atumwi ankatanthauza timafunsa amene anaphunzira pafupi nawo. Ignasio, episkopi wa ku Antiokeya, amene anaphedwa ku Roma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 100, analembera akhristu a ku Smurna kuwachenjeza za anthu opewa Ukaristia chifukwa chosavomera kuti ndi thupi la Mpulumutsi. Yustino Woyera, cha m'ma 150, anafotokozera mfumu ya Aroma kuti akhristu salandira chakudya chimenechi ngati mkate wamba. Paulo yemwe anauza Akorinto kuti wodya mosayenera amachimwira thupi ndi magazi a Ambuye, ndipo nchifukwa chake ena mwa iwo ankadwala. Munthu sadwala chifukwa chonyoza chizindikiro.

Ena amatsegula Yohane 6:63, pamene Ambuye akuti Mzimu ndiye wopatsa moyo ndipo thupi palokha silithandiza, nkumati nkhani yatha. Koma ngati thupi la Khristu silithandiza, nanga pa mtanda panapachikidwa chiyani? Pamenepo Ambuye akudzudzula kaganizidwe kaumunthu kofuna kuyeza zinthu za Mulungu ndi maso okha.

Tiyeni tinene mosazungulira chimene Mpingo umaphunzitsa, chifukwa akatolika enafe timachinena molakwika. Wansembe akanena mawu a Ambuye pa mkate ndi vinyo, ndi mphamvu ya Mzimu Woyera, chenicheni cha mkate chimasanduka thupi la Khristu, chenicheni cha vinyo chimasanduka magazi ake, koma maonekedwe, kukoma, fungo ndi kulemera zimatsala monga zinalili. Msonkhano wa Laterano wachinayi unanena zimenezi mu 1215, ndipo wa ku Trent unazitsimikiza mu 1551. Wina atatenga hostiya yodalitsidwa kupita nayo kwa akatswiri a zofufuzafufuza pa chipatala chachikulu cha Ndola, makina awo angapeze ufa wa tirigu basi. Mpingo sunanenepo kuti angapeze china. Makina amayeza maonekedwe, pamene funso lathu nlakuti chinthuchi nchiyani pamaso pa amene anachilenga. Amene ananena kuti kuwale ndipo kunawala, akanena kuti mkate ndi thupi lake, mawu akewo amachita chimene akunena.

Funso lachiwiri ndi limene anthu amalinenera pansipansi, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono. Amati: kudya thupi la munthu ndi kumwa magazi, si ufiti umenewo? Kwathu funsoli si lachibwana. Tinakula tikumva kuti mfiti imafukula manda usiku nkudya nyama ya wakufa. M'zaka za m'ma 1930 m'dziko muno munafala mbiri ya banyama, anthu amene ankati amagwira anzawo nkuwakhetsa magazi, ndipo ngakhale ansembe ena a White Fathers kumpoto anaganiziridwa zomwezo. Ku Malawi mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena. Masiku ano tili ndi maumboni a anthu oti anali a Satana ndipo ankamwa magazi pansi pa nyanja. Munthu wokulira m'mantha otere akamva wansembe akutchula magazi paguwa, mtima umamugunda. Akhristu oyamba anakumana nazo zomwezi: ku Lyon m'chaka cha 177 anaphedwa atanamiziridwa, mwa zina, kuti amadya anthu.

Yankho lili pa kusiyana kwa amene amatenga ndi amene amapereka. Mfiti imaba moyo wa wina, mumdima, mwini wake asakufuna, kuti iyo ilemere kapena ikhale ndi mphamvu, ndipo kumbuyo kwake kumatsala maliro. Pa guwa palibe amene waberedwa. Khristu anapereka moyo wake mwa kufuna kwake, ndipo amadzipereka masana, zitseko zili pululu, kwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi kwa agogo oyenda ndi ndodo. Mfiti imadya mtembo, ife timalandira Wamoyo amene anauka ndipo safanso. Sitimuduladula ayi: m'kachidutswa kalikonse ka hostiya muli Khristu yense wathunthu, thupi, magazi, mzimu ndi umulungu wake. Nchifukwa chakenso wolandira hostiya yokha, osamwera m'chikho, sanamanidwe kanthu, ngakhale kuti Mpingo umalola kulandira zonse ziwiri pa nthawi zina.

Nanga Levitiko 17, pamene Mulungu analetsa kudya magazi? Chifukwa chimene chinaperekedwa pomwepo nchakuti moyo uli m'magazi, ndipo moyo ndi wa Mulungu. Munthu asatenge moyo wa cholengedwa china nkuuyesa wake. Koma Mwini moyo akafuna kutipatsa moyo wake womwe, ndani angamuletse? Lamulo lija linkasunga magazi kuti akhale a paguwa mpaka atafika magazi amene akanatsukadi machimo.

Funso lachitatu silifuna nthawi yaitali. Amati kalata ya kwa Ahebri ikunena kuti Khristu anadzipereka kamodzi kokha, nanga inu mumamupheranji tsiku ndi tsiku? Timavomereza kalatayo ndi mtima wonse. Khristu safa pa Misa. Nsembe ndi imodzi, ya pa Kalvare, ndipo Misa siionjezerapo kanthu. Imatifikitsa ife a ku Kansenshi, obadwa zaka pafupifupi 2,000 pambuyo pake, pa nsembe yomweyo, monga Iye analamulira pa mgonero womaliza kuti tizichita.

Lachinayi ndilo lopweteka. Pa Misa ya maliro, thupi lisanapite kumanda, wansembe kapena katekisiti amalengeza kuti olandira ndi akatolika okonzeka okha. Mlongo wa malemu, mayi wa chigwirizano wa RCZ amene wagona pasiwa mausiku onse, amakhala pansi mnzake akupita kutsogolo. Akatuluka amafunsa: kodi ife si akhristu? Ndi akhristu ndithu. Ubatizo wawo wa madzi m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera Mpingo umauzindikira, ndipo ambiri a iwo amatiposa pa kukonda Baibulo ndi pa kupereka. Kuno ku Kopala mipingo yagwirira ntchito pamodzi kwa zaka zambiri, ndipo Mindolo Ecumenical Foundation ku Kitwe ndi mboni ya zimenezo. Koma kwathu anthu amene ali ndi mlandu wosatha sapisa m'mbale imodzi kungofuna kusangalatsa alendo. Ankhoswe amayamba akamba mlanduwo, ukatha ndiye nsima imabwera, ndipo kudyera pamodziko kumatanthauza kuti zathadi. Munthu akayankha Amen polandira, akuvomera kuti ili ndi thupi la Khristu, ndiponso kuti ali thupi limodzi ndi Mpingo umenewu, episkopi wake ndi Papa. Kumuuza mlamu wanga amene sakhulupirira zimenezo kuti anene Amen ndi kumunamizitsa pamaso pa Mulungu. Ululu umene timamva pamaliro ndi woona, ndipo mankhwala ake si kuubisa koma kupempherera ndi kugwirira ntchito umodzi weniweni. Pakadali pano, olengeza inu, lengezani mofatsa. Pali kalengezedwe kena kokhala ngati mukupirikitsa agalu pakhomo.

Ndisakhale ngati ndikungoloza kunja. M'tchalitchi muno muli akatolika obatizidwa, olimbitsidwa, oimba m'kwaya, amene atha zaka khumi osalandira chifukwa ukwati wawo sunadalitsidwe. Ukafunsa amati ndalama sizinakwane: malowolo sanathe, kitcheni pate, matebeto, holo, galimoto zokongoletsa, diresi. Abale anga, Mpingo sufuna chimodzi mwa zimenezi. Umafuna mwamuna ndi mkazi omasuka kukwatirana, maphunziro a ukwati, wansembe ndi mboni ziwiri. Makolo amene mukukanikiza ana anu ndi mitengo ya malowolo, dziwani kuti mukuwatsekereza ku guwa. Enanso muli pa mavuto ozama, ukwati woyamba unasweka, mwina mwamuna anapita ku Solwezi kukafuna ntchito nakakwatira komweko. Nkhani zotere sizithera pa ulaliki, koma Mpingo uli ndi bwalo lake loona za maukwati, ndipo ambiri sanayesepo nkugogoda komwe.

Mbali inayi kuli amene timalandira Lamulungu lililonse osaganizira nkomwe, mzere ukangoyamba ife dzuu, sakramenti la kulapa tinalisiya kalekale. Apa ndi pamene pamachokera funso limene ine limandisowetsa mtendere kuposa onse aja. Mnansi wa Pentekoste amati: ngati mumadyadi Khristu, bwanji wantchito wa m'nyumba mwanu watha miyezi osalipidwa? Bwanji amene analanda katundu wa mkazi wamasiye wa mchimwene wake ali patsogolo pa mzere? Funso limeneli Ignasio ndi Trent satiyankhira. Ku Korinto olemera ankadya nkukhuta, osauka akuyang'ana, ndipo Paulo anawauza kuti chimene akuchitacho sichinalinso mgonero wa Ambuye. Sakramenti silichepa mphamvu chifukwa cha uchimo wathu, koma mtima wotseka sulandira phindu lake, ndipo oonerera amaweruza Khristu poona ife.

Afransisko a ku Italy atafika kuno mu 1931, motsogozedwa ndi bambo Francis Mazzieri amene pambuyo pake anakhala episkopi woyamba wa Ndola, ankayenda mitunda italiitali kuti anthu a m'makomboni a migodi ndi a m'midzi ya Alamba amve Misa, mwina kamodzi pa miyezi ingapo. Mpaka lero kwathu kummawa kuli nthambi zimene wansembe amafikako mwa apo ndi apo, ndipo akhristu amasonkhana ndi katekisiti kumva Mawu okha. Ife a mu mzinda tili ndi Misa tsiku lililonse, ndipo Cathedral ya Khristu Mfumu ili pamphuno pathu. Kusala kumene Mpingo umapempha tisanalandire ndi kwa ola limodzi lokha, pamene agogo athu ankasala kuyambira pakati pa usiku, osalawa ngakhale madzi.

Misa ikatha tiyenda ndi Sakramenti Loyera m'misewu ya dera lathu, mwambo wa chikondwerero chimene Papa Urbano IV anakhazikitsa mu Mpingo wonse mu 1264. Anansi adzatiyang'ana m'mipanda, ndipo ena adzafunsa mawa. Muwayankhe zimene mwamvazi, popanda mkangano. Amene ukwati wanu sunadalitsidwe, bwerani ku ofesi ya parishi sabata ino, awiri kapena mmodzi yemwe ngati mnzanu akuzengereza. Atsogoleri a miphakati, kapena ifitente monga anzathu a Chibemba amanenera, lembani maina a odwala ndi okalamba amene sangathe kufika kuno, komanso a abale athu amene ali m'ndende ya Kansenshi, kuti tikonze zowapititsira Ukaristia.

Amen.