M'kati mwa Mfundo ya Njinga

Kodi munthu ayenera kuigwira bwino ntchito imene palibe adzaiyang'ane? Funsoli nlakale. Plato analifunsa m'gawo lachiŵiri la buku lake la Republic, pa nthano ya Gyges, mbusa amene anatola mphete yomuchititsa kusaoneka. Ine landisautsa chiyambire kuphunzira kuwotcherera mafelemu a njinga kwa amalume anga pa Chintheche.

Pa ntchitoyi chitsulo sichisungunuka ayi. Chosungunuka ndi mkuwa, pa madigiri pafupifupi 900, pomwe chitsulo chimafuna 1,500. Umapala dzimbiri, kupaka borakisi, kuloŵetsa paipi m'mfundo yake, nkuyatsa gasi wotuluka m'kabaidi wothiridwa madzi. Chitsulo chikafiira, mkuwa umayamwidwa wokha mu mpata wopyapyala ngati tsitsi, monga parafini akwerera pa chingwe cha koloboyi. Mphamvu yonse ya njinga ili mu mpata umenewo, ndipo palibe diso lingafikemo.

Tsono mmisiri wofuna kusunga gasi angathe kungomata mkuwa kunja, kusalaza ndi tupa, nkupaka penti wakuda. Mwini njinga alipira akumwetulira. Chaka chamaŵa akutsika chitunda cha ku Mpamba ndi thumba la ufa wa kondowole kumbuyo, mfundo ija ithothoka.

Anzanga ena pano pa koleji amati mmisiri amawongoka chifukwa choopa kuipitsa mbiri yake, poti kunyanja kuno aliyense amadziŵa mnzake. Nayenso Glaucon, amene akamba nthano ya Gyges ija, anafotokoza maganizo omweŵa, ngakhale anati si akeake. Sindigwirizana nawo. Njinga imagulitsidwa kaŵiri katatu. Ina mwa imene ndinaigwira inali Humber yobwera ndi munthu wa ku Joni, ulendo wa Wenela usanaimitsidwe mu 1974. Ikathyokera ku Kande, ndani angalondole dzanja limene linaiwotcherera?

Chimene ndinaona nchina. Wophunzira akamaliza mfundo yake yoyamba, amalume amaidula pakati ndi sowo, nkumupatsa zidutswa ziŵirizo osanenapo kanthu. Pamene mkuwa sunafike pamaoneka pakuda. Ukaona zimenezi kamodzi, penti sakubisiranso kanthu. Njinga iliyonse umaiona ngati yoduladula kale. Ndiganiza kuti chilungamo cha mmisiri chimayambira pamenepa, pa kulephera kudzinamiza yekha. Zoganizira wokwera njinga wosamudziŵa zimabwera pambuyo, kaya zimabwera nkomwe.

Komabe nkhaniyi ili ndi mbali ina yovuta. Wogulitsa usipa amafika ndi felemu yosweka, ndalama zili zochepa, nsomba zikudikira. Amati, "Bambo, ingomatani ndikafike ku Nkhata Bay." Kumukana ndiko kumugoneka ndi njala, kumumatira ndiko kutulutsa mfundo yabodza m'manja mwako. Mabuku amene taŵerenga chaka chino sanandithandize apa. Amalume amamumatira, nalandira ndalama zochepazo, koma mfundoyo sasalaza ndi tupa ndipo sapaka penti. Imachoka ili yonyansa, yakupsa, kuti aliyense wodzafuna kugula njingayo ayambe waŵerama nkufunsa.