Mfumu Ikapanikizika Pakati pa Maufumu Awiri

Munthu wotumikira mabwana awiri timafulumira kumutcha mthirakuwiri. Pa nkhani ya mafumu, ine ndimaona kuti timaweruza mopupuluma.

Sharaf Khan, mfumu ya Akurdi, analeredwa kunyumba yachifumu ya Shah Tahmasp wa ku Persia, ndipo atakula anapatsidwa zigawo zoti azilamulira. Mu 1578 anapita kwa Aottoman, adani a Persia, ndipo Sultan Murad III anamubwezera Bitlis, dziko la makolo ake. Kumeneko ndi kumene anamalizira buku la mbiri ya mafumu a mtundu wake, Sharafnama, mu 1597. Zinamuyendera chifukwa maufumu awiriwo ankalimbana, ndipo aliyense ankafuna kuti asilikali a m'mapiri akhale kumbali yake.

Ife a kuno ku Bwanje nkhani yotere sitiifunira kutali. Kwerani mtunda mukafike pa Lizulu tsiku la msika: mbatata ya kachewere ndi kabichi zaunjikidwa m'mphepete mwa msewu wa M1, mbali ino ndi Malawi, tsidya linalo ndi Mozambique, koma ogulitsa ndi amodzi, Angoni a kwa Maseko. Malire amenewa anawalemba Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891 osafunsa eni nthaka. Mfumu ya Angoniwa, Gomani Woyamba, anakana kugonja, ndipo Angerezi anamuwombera mu 1896.

Mwana wake, Philip Gomani Wachiwiri, anayenda njira ina. Anagwira ntchito ndi boma la atsamunda zaka zambiri, akuweruza milandu ndi kuyang'anira msonkho. Ena angati anagonja. Komatu ufumu wa Angoni unapulumuka m'manja mwake, ndipo itafika nkhani ya Chitaganya mu 1953 anachikana, nauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulo a boma a zaulimi. Boma linamuchotsa pampando. Apolisi atabwera kudzamutenga, iye, ali wodwala, anawolokera ku Angonia, ku Mozambique, limodzi ndi m'busa Michael Scott.

Apa ndi pamene pamandiwawa. Sharaf Khan atawoloka malire anapeza mfumu yomulandira ndi manja awiri. Gomani anapeza Apwitikizi amene anali atagwirizana kale ndi Angerezi pa kagawidwe ka dziko lathu, ndipo anangomubweza. Kulimba mtima anali nako, nzeru anali nazo, chimene analibe ndi mpata pakati pa azungu awiriwo. Anamwalira kuchipatala cha Malamulo mu 1954, ndipo Chitaganya chimene anachikana chija chinadzatha mu 1963.