Mnansi Wosamsankha

Chiyambire 1973, pamene Chancellor College inasamukira ku Chirunga, ku Zomba, kuchokera ku Blantyre, ophunzira a pasukulupo akhala akugona m'zipinda pamodzi ndi anthu amene sanawadziwepo. Koma lero, popeza malo ogona pasukulupo achepa, ambiri amachita lendi ku Chikanda, kumene munthu, ngati thumba lilola, amadzisankhira yekha wokhala naye. Kodi ufulu umenewu ndi dalitso lokhalokha?

Ine ndikayika. Pakuti wosankha yekha amasankha wofanana naye, wakwawo, wa mpingo wake, wa chilankhulo chake. Pamene mnyamata wa ku Nsanje wopatsidwa chipinda chimodzi ndi wa ku Karonga, amene amapemphera mwa njira ina, nawerenga usiku nyali ili ngwee mnzake akufuna tulo, nabwereka sopo osabweza, amaphunzira chipiriro chimene mphunzitsi sangachilembe pabolodi. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ngakhale Msamariya wa m'fanizo la Yesu sanasankhe womuchitira chifundo. Anangomupeza ali thapsa panjira ya ku Yeriko.

Komabe sindingadzudzule mtsikana amene, poopa kuyenda mumdima kuchokera ku laibulale, afunafuna nyumba ya loko wolimba ndi mnzake womudziwa.