Kodi Mwana Wosewera Ataya Nthawi?

M'midzi yambiri ya m'Malawi muli tsopano sukulu za mkombaphala, kumene ana a zaka 3 mpaka 5 asonkhana m'mawa, ena m'tchalitchi, ena m'chisakasa, ena patsinde pa mtengo. Owalera ndi amayi ndi abambo odzipereka a m'mudzi momwemo, ndipo ambiri a iwo salandira malipiro. Boma lidakhazikitsa ndondomeko ya maphunziro a mmera mpoyamba m'chaka cha 2003, ndipo olera ana aphunzitsidwa kuti mwana wamng'ono aphunzire mwa kusewera. Apa ndi pamene pabuka mlandu. Kholo likapita kukaona, lipeza mwana wake ali matope okhaokha, alikuumba ng'ombe, pamene mwana wa mnzake, wa ku sukulu yolipira ya m'tauni, atchula kale masiku a sabata m'Chingerezi. Tsono lipempha kuti ana akhazikidwe m'mizere, aloweze, ndipo wosamva alawe kamtengo.

Kholo lotere liopa umphawi, ndipo lidziwa kuti m'dziko muno wosadziwa Chingerezi apeza makomo ambiri otseka. Mantha amenewa sayenera kusekedwa. Koma asanaweruze mlezi, munthu ayambe wafunsa: kodi nzeru zilowa bwanji mwa mwana?

Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira m'chaka cha 1274, adaphunzitsa kuti kudziwa konse kwa munthu kuyambira m'maso, m'makutu ndi m'manja. Pakuti munthu si mngelo. Mulungu adampanga thupi ndi mzimu pamodzi, ndipo choonadi chifika ku mzimu podzera pa khomo la thupi. Mtsikana wosewera phada adziwa kuti miyala isanu iposa itatu asanaone nambala pa bolodi. Mnyamata woumba ng'ombe aona kuti miyendo ikaonda ng'ombe igwa, nayesanso kachiwiri ndi kachitatu popanda womkakamiza. Koma mwana amene adangoloweza kuwerenga mpaka 20 m'Chingerezi, akamtuma kuti akatenge nthochi zinayi, kawirikawiri aima kakasi. Mawu ali nawo, monga chinkhwe ali nawo, koma chinthu chimene mawuwo atchula sadachigwire.

Pa masanje pachitika chinthu choposa apa. Ana agawana maudindo: uyu mayi, uyu bambo, uyu mfumu, winayo fisi. Apangana lamulo, ndipo wina akaliphwanya onse adandaula nthawi yomweyo. Ndiwo zikachepa, ayenera kuzigawa. Mpira wa zisanza ukakhala umodzi, ayenera kudikirana. Mwana amene adalira chifukwa mnzake adamlanda galimoto lake la waya, nayanjanitsidwa naye, wamva m'mtima mwake chimene chilungamo ndi kukhululuka zitanthauza. Mkatekisti amene adzamphunzitsa pambuyo pake lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa kuba, adzabzala m'munda wolima kale.

Aquinas yemweyo adalembanso kuti mzimu utopa monga thupi, ndipo kuti munthu wokana chisangalalo chilichonse ndi wolemetsa anzake ali ndi chilema pa khalidwe lake. Adakumbutsa nkhani yakale ya Yohane Mlaliki, amene anthu ena adakhumudwa pomuona akusewera ndi ophunzira ake. Iye adawaonetsa kuti uta wokokedwa kosalekeza uthyoka. Komatu mawu amenewa anena za akulu, amene asewera kuti apumule ku ntchito. Mwana wa zaka 4 alibe ntchito ina yoti apumuleko. Kusewerako ndiyo ntchito imene msinkhu wake udampatsa.

Zimenezi si zachilendo. Friedrich Froebel wa ku Germany adatcha sukulu yake Kindergarten, ndiko kuti munda wa ana, m'chaka cha 1840. Maria Montessori adatsegula nyumba yake yoyamba ya ana pa 6 Januwale 1907, m'dera la amphawi la San Lorenzo mumzinda wa Roma, nawapatsa timipando ta msinkhu wawo ndi zinthu zogwira ndi manja. Don Bosco, atakhazikika ku Valdocco mumzinda wa Torino m'chaka cha 1846, ankathamanga pabwalo pamodzi ndi anyamata ake, ndipo adakana kulera ndi chikwapu.

Pali funso limene kholo lingadzifunse mseri. Mwana akaimikidwa pamaso pa alendo kuti atchule mawu amene iye sawamva, wopindula ndani? Ambuye Yesu, pamene ophunzira ake ankakangana za ukulu, adaimika kamwana pakati pawo monga kadaliri, kosadziwa kuwerenga. Ulemu wa mwana sudikira tsiku limene adzapambana mayeso, ndipo kumsandutsa chodzitamandira cha akulu ndi kumlakwira, ngakhale wochitayo amkonda.

Makolo ali ndi mfundo imodzi yoona. Mlezi wokhala pamthunzi akucheza ndi mnzake, ana akumenyana pabwalo, saphunzitsa mwa kusewera; wangowataya. Kuphunzitsa mwa kusewera nkovuta koposa kuloweza. Mlezi ayenera kupenya amene anzake amsala, kuitana wamanyazi, kupezera wolumala malo m'masewero, ndi kufunsa woumba ng'ombe kuti zonse zili ndi miyendo ingati. Ana akakhala 40 ndipo iye ali yekha, wosalipidwa, munda wake ukumdikira, ntchitoyi imkanika.

Apa mphakati uli ndi chochita. Zipangizo zili m'mudzi momwemo: dongo, mchenga, zitsononkho, zitsekerero za mabotolo, mbiya yosweka. Chosowa kawirikawiri ndi ufa wa phala, pakuti mwana wanjala sasewera, angokhala chete pakona. Akhristu angasonkhe chimanga pa nthawi yokolola, angalimire mlezi munda wake, ndipo agogo odziwa nthano ndi ndagi angapatsidwe tsiku lawo pa sabata.