Za Mbale ya Chopereka ndi Lamya ya M'manja

Ambiri a inu muli ndi ana kapena adzukulu amene anachoka kumudzi kunka ku Lilongwe kukafuna ntchito, nakhala ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 kapena ku Mgona. Iwowa m'mipingo ya kumeneko asonkha ndalama monga achita Akhristu onse, za malata a tchalitchi, za maliro, za odwala ndi za ana amasiye. Ndipo akamva kuti nyumba ya mapemphero ya kwawo yasasuka ndi mphepo, asonkherana natumiza thandizo kumudzi. Koma masonkhedwe ake asandulika m'zaka zochepa izi. Ndalama imene kale inayenda m'mbale, kapena yomanga pampango wa munthu wokwera basi, lero iyenda m'lamya ya m'manja, imene ambiri aitcha foni. Chifukwa chake tifuna kulingalira pamodzi ndi inu funso ili: chopereka chikalowa m'lamya, mboni yake ndani?

Tiyambe tanena machitidwe ake, kuti amene sanagwirepo azindikire. Njira yotumiza ndalama palamya inatchuka ku Kenya kuyambira chaka cha 2007, ndi dzina lakuti M-Pesa. M'dziko lathu lino Airtel Money inayamba m'chaka cha 2012, ndipo Mpamba ya TNM inatsatira m'chaka cha 2013. Munthu apita kwa ejenti, amene akhala pansi pa ambulera kapena m'kagolosale pamsika, napereka ndalama zamapepala, ndipo ejentiyo aziika pa nambala ya munthuyo. Pomwepo mwini lamya akhoza kuzitumiza kwa mnzake wa ku Dedza kapena ku Mchinji, ndipo zifika nthawi yomweyo. Wolandira amva lamya yake ilikulira, naona uthenga wotchula kuchuluka kwa ndalama ndi amene watumiza. Akafuna kutapa apita kwa ejenti wa kwawo, ndipo kampani idulapo kangachepe kakhale malipiro ake. Kiyi wa nkhokwe imeneyi ndiye nambala yachinsinsi, imene aidziwa mwini yekha. Ndiponso kuyambira chaka cha 2018 nambala ya lamya iliyonse iyenera kulembedwa m'dzina la mwini wake.

Chida chimenechi tisachinyoze, pakuti ubwino wake uoneka ndi maso. Mtumiki wa mpingo sayendanso madzulo ndi thumba la ndalama m'tinjira ta ku Mgona, mtima uli m'mwamba chifukwa cha achifwamba. Mwana amene ali kutali aponya gawo lake tsiku lomwelo aponya anzake. M'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 unaletsa anthu kusonkhana ambiri pamodzi, mipingo yambiri ya m'tauni inalandira chopereka mwa njira imeneyi, ndipo ntchito ya Mulungu siinaime. Amene akana khasu latsopano chifukwa chakuti agogo ake sanalimire lotero adzalima munda waung'ono.

Koma tamverani chimene tinaona pa mpingo wina wa ku Chinsapo, umene sitiutchula dzina. Panali msungichuma wokalamba, munthu woopa Mulungu, amene anasunga buku la chopereka zaka zambiri osatayika ndi tambala yomwe. Mpingo utayamba kusonkha za malata, anyamata anati, Ndalama zidzachuluka tikalengeza nambala ya lamya ya msungichuma, kuti ndi akutali omwe aponyepo. Ananena zoona, pakuti zinachulukadi. Koma mkuluyo maso ake anali ofooka, ndi zala zake zosazolowera timabatani. Tsono anapereka lamya kwa mnyamata wa m'kwaya, namuuza nambala yachinsinsi, nati, Mwananga, uzindiuza zimene zalowa. Itapita miyezi ingapo, ndalama za m'buku ndi za m'lamya zinasiyana. Ena anati wadya mnyamata, ena anati wadya mkulu. Kapena sanadye ndi mmodzi yemwe, pakuti zina zinadulidwa potapa, zina zinasakanikirana ndi ndalama zimene ana a mkuluyo anamtumizira za ndiwo, ndi zina mauthenga ake anafafanizidwa lamya itadzala. Chowawitsa mtima nchakuti panalibe wokhoza kumtsutsa munthu, panalibenso wokhoza kumyeretsa. Mkulu uja anatula udindo ndi manyazi, mnyamata analeka kuyimba, ndipo opereka anabweza dzanja denga lili theka.

Nanga cholakwa chinali pati? Taganizirani mayendedwe a mbale yakale. Iyenda pamaso pa mpingo wonse, aiika patebulo kutsogolo, nawerenga atumiki awiri kapena atatu, mlembi nalemba, ndipo Lamulungu lotsatira alengeza. Pamaliro pamudzi chimodzimodzi: zopepesa zilembedwa m'kope, ndipo asanabalalike anthu aimirira munthu nawerenga kuti mudzi wakuti wabwera ndi ufa, mpingo wakuti ndi ndalama zakuti. Makolo athu pochita izi sanayese anzawo mbala. Anadziwa kuti ndalama ya anthu ambiri ndi katundu wolemera, ndi kuti mutu umodzi susenza denga. Tsono lamya inachotsa mboni zonsezi mwakachetechete, popanda msonkhano wopangana kuti zichoke. Ndalama ya anthu 200 inalowa m'thumba la malaya a munthu mmodzi, pa nambala yolembedwa m'dzina la munthu mmodzi, kuseri kwa chinsinsi cha munthu mmodzi.

Apa tiyenera kusiyanitsa zinsinsi ziwiri, pakuti ambiri azisokoneza. Chilipo chinsinsi cha wopereka, ndipo ichi nchoyera. Ambuye wathu anaphunzitsa pa Mateyu 6 kuti wochita zachifundo asadziimbire lipenga. Chiliponso chinsinsi cha wosunga, ndipo ichi ndi msampha, ngakhale kwa munthu wolungama. Wopereka akhoza kubisala, koma wosunga ayenera kukhala poyera. Chodandaulitsa nchakuti zida zatsopanozi, tikazigwira mosalingalira, zitembenuza zinthu ziwirizi. M'magulu a WhatsApp a mipingo muikidwa maina a opereka ndi ndalama zawo, wa K50,000 pamwamba, wa K500 pansi, kotero kuti wosauka achita manyazi pamaso pa onse. Koma zimene zatsala m'lamya ya wosunga palibe aziona.

Malembo Oyera sanatisiye opanda chitsanzo. Pa 2 Mafumu 12 timva kuti masiku a mfumu Yoasi, pamene kukonza kachisi kunachedwa, wansembe Yehoyada anatenga bokosi, naboola chivundikiro chake, naliika pambali pa guwa. Ndipo ndalama zikachuluka anadza awiri kudzawerenga, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe. Mtumwi Paulo nayenso, posonkhetsa thandizo la osauka a ku Yerusalemu, sanafune kulisenza yekha. Pa 2 Akorinto 8 tiwerenga kuti anatuma Tito pamodzi ndi mbale wosankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke womnenera zoipa pa mphatso yaikuluyo. Ngati mtumwi anafuna mboni, ndani mwa ife anganene kuti iye sayenera kukhala nayo? Ndipo amayi a banki m'khonde adziwa nzeru yomweyi: bokosi lawo alitseka ndi maloko atatu, makiyi nasunga anthu atatu, ndipo litsegulidwa onse ali pomwepo.

Wina adzati, Kodi m'mpingo wa Mulungu tizilondana ngati pamsika? Chikondi sichikhulupirira mbale? Funsoli ndi lolemera, pakuti pa mutu womwewo wa Mafumu timvanso kuti oyang'anira amisiri sanawerengeredwe ndalama zimene analandira, chifukwa anachita mokhulupirika. Inde, mpingo umene aliyense akayika mnzake wadwala kale. Koma taonani kuti ndalama imene iwo analandira inali itawerengedwa ndi awiri, ndi kuti ntchito ya manja awo inaoneka pakhoma la kachisi. Ndiponso tifunse, ndani anamkonda msungichuma wa ku Chinsapo uja? Amene anamsiya yekha ndi katundu ponena kuti timkhulupirira ndiwo anayamba kunong'ona tsiku loipa litafika. Akadamkondadi akadampatsa mboni, kuti dzina lake labwino likhale ndi pogwira. Buku lowerengedwa poyera litchinjiriza wolungama koposa momwe ligwirira wakuba.

Dziko lathu linaona umboni wa ichi m'mwezi wa Januwale 2021, pamene mliri uja unakula, odwala nasowa zipangizo za mpweya m'zipatala, ndi ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe komwe. Stanley Onjezani Kenani, wolemba mabuku amene anaphunziranso ntchito yowerengera ndalama, pamodzi ndi anzake anapempha thandizo pa Facebook, ndipo anthu anatumiza palamya ndi kubanki, ena zochepa, ena zambiri. Opereka ambiri sanaonanepo naye maso ndi maso. Chimene chinawalimbitsa mtima nchakuti osonkhetsawo analengeza kawirikawiri zimene zalowa ndi zimene zagulidwa. Nthawi yomweyo m'dziko munali dandaulo lalikulu pa K6.2 biliyoni imene boma linapatula kuti ilimbane ndi mliriwo, ndipo kafukufuku wa chaka chomwecho anapeza kuti zina mwa ndalamazo sizinayende bwino. Chotero tiona kuti zida zomwezi zimene zibisa ndalama zikhozanso kuionetsa kwa anthu zikwizikwi. Chisiyanitsa ndi mwambo umene ozigwira adziikira.

Tsono kwa inu akulu a mpingo, asungichuma ndi amayi a Chigwirizano amene lamya ikuvutani, tinena mwaulemu kuti kusadziwa si tchimo, koma kusenza udindo wa ndalama mutatseka maso ndi chinthu choopsa. Simuyenera kudziwa zonse za m'kati mwa lamya, monga woyendetsa ngolo sayenera kudziwa kusula gudumu. Zofunika ndi zitatu zokha: kuona ndalama zimene zatsala, kuwerenga uthenga wa zimene zalowa, ndi kusunga nambala yachinsinsi. Izi munthu aziphunzira madzulo amodzi akakhala pansi ndi mdzukulu wake. Musachite manyazi kufunsa mwana, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo kwa inu anyamata ndi atsikana odziwa zidazi tinena kuti nzeru yanu ndi mphatso imene mwalandira kuti mutumikire nayo. Mkulu akakupatsani lamya nati, Undigwirire, yankhani kuti, Agogo, khalani pano tigwire pamodzi. Wodziwa amene asunga luso lake kuti onse adalire iye yekha wadzitengera udindo umene mpingo sunampatse.

Mpingo umene ufuna kusonkha mwa njira imeneyi ungachite bwino kupangana izi poyamba. Choyamba, ndalama za mpingo zikhale ndi nambala yakeyake, imene mulibe za ndiwo za munthu. Ndipo kumene nkotheka afunse kukampani za nambala yolembedwa m'dzina la bungwe, pakuti mwini dzina akamwalira kapena kusamuka, ndalama ya pa nambala yake ivuta kuitulutsa. Chachiwiri, uthenga uliwonse wa ndalama ulembedwe m'buku sabata yomweyo, anthu awiri ali pomwepo, ndi zodulidwa potapa zilembedwenso. Chachitatu, ndalama zisagone m'lamya nthawi yaitali. Zikachuluka zipite kubanki, kumene satapa popanda kusaina anthu awiri kapena atatu. Chachinayi, musakhulupirire uthenga wokha, pakuti akathyali atumiza mauthenga onyenga, naimba lamya kuti atumiza molakwitsa, muwabwezere. Yambani mwaona ngati ndalama yawonjezekadi, ndipo nambala yachinsinsi musauze munthu woimba lamya, angakhale anena kuti ngwa kukampani. Chachisanu, zolowa ndi zotuluka ziwerengedwe ndi mawu pamaso pa mpingo, kuti ndi osadziwa kuwerenga omwe amve.

Chotsiriza nchakuti mbale isachotsedwe. Ku Biwi ndi ku Kawale, monganso m'midzi yathu, alipo amasiye ambiri opanda lamya, amene chopereka chawo ndi K200 yomanga pansalu, kapena lichero la chimanga tsiku la masika. Pa Marko 12 timva kuti Ambuye anakhala pandunji pa mosungiramo zopereka napenya oponya, ndipo amene anamyamikira ndiye mkazi wamasiye wa tindalama tiwiri. Tikati lero onse atumize palamya, mkazi wotereyo tamtsekera kunja. Ndipo tikalemba maina ndi ndalama zake m'gulu la WhatsApp, tamuika pansi pa onse amene Ambuye anamuika pamwamba. Lengezani chiwerengero cha zonse pamodzi, ndipo wopereka aliyense alandire chiphaso chake payekha.

Chomwecho, abale, ana anu a ku Lilongwe akakuuzani kuti, Tipatseni nambala titumize za malata, musakane, musafulumirenso kutchula nambala ya munthu mmodzi. Yambani mwakhala pansi pabwalo la mpingo, musankhe wosunga lamya, wolemba buku ndi wachitatu woyang'ana zonse ziwiri, ndipo mmodzi mwa iwo akhale wachinyamata wofatsa pophunzitsa. Mukatero denga lidzakwera, ndipo tsiku lotsegulira nyumbayo msungichuma wanu adzakhala pampando wake wopanda manyazi.